Choko M'dzanja Ili, Gitala M'dzanja Linalo

 

Lero nkhani yathu ndi ya anthu aluso. Oimba, osema, ojambula, alakatuli, a zisudzo. Koma si onse ayi. Tikunena aja amene m'mawa amagwira choko, madzulo n'kugwira gitala. Lolemba ali m'kalasi. Loweruka ali pa siteji. Tchuthi chikafika, anyamula kope ndi foni, ulendo wa kumudzi kukafunsa agogo za nyimbo zakale. Munthu mmodzi, ntchito zitatu: kupanga luso, kufufuza, ndi kuphunzitsa.

Mwina mukumudziwa munthu wotere. Mwina ndi aphunzitsi aja a pa sekondale ya kwanuko, amene amatsogoleranso kwaya ndipo nyimbo zina amapeka okha. Mwina ndi mwana wanu amene ali ku koleji. Mwinanso ndinu amene.

Funso lathu ndi ili. Kodi zimatheka? Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga akakhala atatu?

Ine ndikuti zimatheka. Koma pali lamulo limodzi, ndipo mundilole ndilibwereze kangapo lero, poti mphini yobwereza ndiyo imawala. Lamulo lake ndi ili: manja asaleke kupanga. Woimba aziimba. Wosema azisema. Wolemba azilemba. Akaleka, kuphunzitsa kwake ndi kafukufuku wake zimayamba kuuma, mwini wake osazindikira.

Tiyambe ndi funso losavuta. N'chifukwa chiyani munthu waluso amalowa m'kalasi?

Tisanamizane. Ambiri amalowa chifukwa cha mimba. Kuno kwathu luso lokha silidyetsa banja mwezi ndi mwezi. Woimba atulutsa nyimbo lero, mawa ili kale m'mafoni a anthu, iye osaonapo ndi tambala yomwe. Wosema ziboliboli amadikira alendo akunja, ndipo pali miyezi ina imene alendowo saoneka. Wa zisudzo alipira holo, amata zikwangwani m'mitengo, koma tsiku la sewero theka la anthu pakhomo akufuna kulowa ulere, akuti ndife achibale. Pamene mphunzitsi, ngakhale malipiro ake ndi ochepa, amadziwa kuti mwezi ukatha kangachepe kabwera. Lendi ilipiridwa. Ana apita kusukulu.

Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Munthu ayenera kudya. Vuto limayamba pamene malipiro aja agula munthu yense, ndi manja ake omwe.

Tsopano tipite kumudzi pang'ono, chifukwa ena amayesa nkhani imeneyi inayambira ku yunivesite.

Taganizirani mayi woumba mbiya. Dothi lake satapa paliponse. Amadziwa kumene kuli mtapo wabwino. Amadziwa kuti dothi la dambo ili limang'aluka pamoto, la dambo ilo limapirira. Anadziwa bwanji? Anayesa. Miphika inasweka. Anakafunsa apongozi ake. Anasakaniza mwina, anaotcha mwina, anayesanso. Kodi ameneyo si kafukufuku? Ndiye pambali pake pakhala kamtsikana, kakuumba kamphika kake kopendekeka. Mayi aja salemba pa bolodi. Angotambasula dzanja, n'kuwongola mlomo wa kamphikako, n'kubwerera ku mbiya yawo. Kodi kumeneko si kuphunzitsa?

Chimodzimodzi wosema ng'oma. Amadziwa mtengo woyenera kugoba. Amadziwa chikopa choyenera kukunga. Amadziwa phula lokwanira kumata pakati kuti ng'oma ilankhule, ndiponso nthawi yoti aiwambe pamoto. Ndipo mdzukulu wake amaphunzira zonsezi atagwirizira mtengo, agogo akusema.

Kwa anthu amenewa ntchito zitatuzi sizinasiyanepo. Chinadzazisiyanitsa ndi belu la kusukulu, maofesi ndi mafomu. Ndipo taonani chinthu chimodzi. Kumudzi palibe amene amatumiza mwana kukaphunzira kuumba kwa mayi amene analeka kuumba kalekale. Inu amene muli m'tauni, kodi mungapereke mwana wanu kwa telala amene anagulitsa makina ake zaka khumi zapitazo? Ayi ndithu. Mumafuna telala amene makina ake akulira.

Manja asaleke kupanga.

Tibwere ku mfundo yachiwiri. Kodi kafukufuku amamupatsa chiyani waluso?

Malemu Steve Chimombo anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba. Anali pulofesa. Analinso mlakatuli, wolemba masewero ndi nkhani. Kafukufuku wake anali wa nthano, miyambi ndi zikhulupiriro za makolo athu, ndipo analemba buku lathunthu pa zimenezi. Koma sanalekere pomwepo. Anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe mumamudziwa Napolo, chinjoka chija chimene akuti chikamasamuka m'phiri chimagumula miyala ndi kukokolola midzi. Chimombo anamutenga Napolo n'kumulowetsa m'ndakatulo. Kudzera mwa Napolo ananena zambiri za dziko lino, nthawi imene kulankhula mosapsatira kunali kuika khosi pa mpeni. Anatenganso nkhani ya M'bona wa ku Nsanje, wodzetsa mvula uja, n'kupanga sewero. Zimene ankafufuza, ndi zimene ankalemba, ndi zimene ankaphunzitsa, zinali za munda umodzi.

Koma chitsanzo chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi cha Samson Kambalu. Mwana wa konkuno. Anaphunzira za luso ndi za nyimbo ku Chancellor College komweko, kenaka anapitiriza maphunziro ku Britain mpaka kufika pa udokotala. Anafika pokhala mphunzitsi wa zaluso ku yunivesite ya Oxford. Koma sanasanduke munthu wa mu ofesi. Anapitiriza kupanga. Ali ndi timafilimu take tatifupi, tosapitirira mphindi imodzi, timene maganizo ake anawatenga ku Gule Wamkulu.

Mu 2022, pabwalo lotchuka la Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, anaimika chiboliboli cha John Chilembwe. Inde, Chilembwe yemweyu amene nkhope yake timaiona pa ndalama zathu. Chiboliboli chimenechi chinachokera pa chithunzi chakale cha mu 1914, chojambulidwa pamene Chilembwe ankatsegulira tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pa chithunzicho waima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley.

Ambirife tikanangoona amuna awiri ovala bwino. Koma wodziwa mbiri amaona china. Chilembwe wavala chipewa. Masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ankayenera kuvula. Chilembwe sanavule. Ndiye Kambalu anamupanga Chilembwe wamkulu kwambiri, chipewa chili kumutu, pamene mnzakeyo anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba.

Tsono tamverani apa. Pakanapanda kafukufuku, chipewa chija chikanangokhala chipewa basi. Pakanapanda manja a waluso, nkhani ya chipewayo ikanangokhala m'buku, yodziwika kwa anthu owerengeka okonda mbiri. Ziwirizi zitakumana mwa munthu mmodzi, anthu miyandamiyanda odutsa mu London anakweza maso n'kufunsana kuti, kodi wachipewayu ndani?

Kafukufuku amapatsa waluso choti anene. Safunsa anadya phula. Woimba wosafufuza amangobwereza zimene wamva pa wailesi dzulo. Ndicho chifukwa nyimbo zina mukazimva mumalephera kusiyanitsa kuti waimba ndani.

Tsopano tiitembenuze nkhaniyi. Tanena kuti kafukufuku amadyetsa luso. Nanga luso limadyetsa kafukufuku? Tiyeni ku Chileka.

Achikulire mukuwakumbukira Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, anyamata a kwa Singano. Gitala, chitoliro, ndi kaimbidwe ka kwela kamene kanayambira m'misewu ya ku South Africa. Mu 1967 wofufuza wina wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre. Ofufuza ambiri amajambula mawu, kulemba m'kope, n'kukwera ndege. Kubik anabweranso. Patapita zaka analowa m'bandi ya Donald, iye akuimba clarinet.

Bwanji munthu wophunzira chotere kudzivutitsa kulowa bandi? Chifukwa pali zinthu zimene khutu lokha silingakuuzeni. Mwachitsanzo, oimba kwela sagwira chitoliro mowongoka monga anachikonzera a ku fakitale. Amachilowetsa kwambiri m'kamwa, mopendeketsa cha ku tsaya, kuti mawu atuluke okhuthala ndi amphamvu. Zoterezi mumazimvetsa bwino mukakhala pakati pa oimba, mukupuma nawo, mukulakwitsa nawo, iwo n'kumakusekani. Wofufuza amene amaimba amafunsa mafunso ena. Ndipo oimba amamuyankha mayankho ena, chifukwa amamuona ngati mnzawo, osati mlendo wa kope.

M'bandi yomweyo munali mnyamata wina wa ku Chileka konko, Moya Aliya Malamusi. Anayamba ngati woimba. Kuimbako kunamutsegulira njira ya kafukufuku. Anayenda m'midzi ya kuno ndi ya m'maiko oyandikana nafe, akujambula nyimbo ndi nthano, akusonkhanitsa zida zoimbira. Anafika potenga digiri ya udokotala ku Vienna. Anakhazikitsa malo osungira zinthu zimenezi kwawo ku Chileka. Ndipo kuimba sanasiye.

Nanga Donald mwini wake? Mu 1999 yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inamuitana kuti akaphunzitse. Munthu amene anaphunzira nyimbo pambali pa mkulu wake, amene anakulira kuimba m'misewu, anaima pamaso pa ophunzira a yunivesite ku America, iwo n'kumatsatira zala zake. Anamwalira mu 2001, atangobwerako kumene. Anthu aja sanamuitanire pepala. Anamuitanira zimene manja ake ankadziwa.

Mfundo yachitatu. Nanga kalasi? Kupatula malipiro, kodi kalasi imamupatsa chiyani waluso?

Imamupatsa mafunso. Mwana wasukulu alibe ulemu wa anthu oonera. Oonera amaomba m'manja n'kumapita. Mwana amakweza dzanja. Aphunzitsi, bwanji mawu awa mwawaika apa? Bwanji ng'oma iyi ikulowa mochedwa? Bwanji pankhope apa mwapaka utoto wobiriwira? Ndipo inu, amene mwakhala mukuchita zimenezi zaka zambiri osaganizira, mumakakamizika kuima n'kudzifunsa. Nthawi zina mumapeza yankho labwino. Nthawi zina mumapeza kuti munalibe chifukwa, chinali chizolowezi chabe. Zonse ziwiri ndi phindu.

Ku Chancellor College, kuyambira mu 1970, kunali gulu la alembi limene linkakumana kawirikawiri. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakhala pamodzi. Wina awerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda popanda kuyang'ana nkhope. Alembi ambiri otchuka a dziko lino anadutsa m'gulu limeneli. Mmodzi mwa iwo ndi Jack Mapanje, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa dipatimenti pa koleji yomweyo, akulembabe ndakatulo. Mbiri yake mukuidziwa. Mu 1987 anamutsekera ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu 1991. Mlakatuli amene ali ndi kalasi yomumvera amaoneka patali, ndipo olamula a nthawi imeneyo ankadziwa zimenezi.

Pa koleji yomweyo panalinso gulu la zisudzo loyendayenda. Aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankatenga ophunzira kupita nawo kumidzi. M'zaka za m'ma 1980 anagwira ntchito m'midzi ya cha ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Ankayamba ndi kumvetsera. Vuto la pano n'chiyani? Madzi? Zimbudzi? Kutalika kwa chipatala? Zimene amva n'kupangira sewero, anthu a m'mudzimo n'kumalowerera, kuyankha, kutsutsa, kuimba nawo. Ulendo umodzi womwewo, kafukufuku wachitika, sewero laseweredwa, ophunzira aphunzira. Mapanga aja amavumbwitsa akatalikirana. Apa panalibe kuthamanga uku ndi uku.

Omvera, mpaka pano ndakhala ndikunena zokoma. Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tsopano tione matope ake, chifukwa ndi ambiri.

Vuto loyamba, ndipo lalikulu kuposa onse, ndi nthawi. Tiyerekeze ntchito zitatuzi ndi ana atatu a m'nyumba imodzi. Kalasi ndi mwana wolira mokweza. Belu likalira muyenera kukhalapo, ndipo mukajomba aphunzitsi aakulu adziwa tsiku lomwelo. Kafukufuku ndi mwana wong'ung'udza. Ali ndi tsiku lake lomalizira, ali ndi amene anapereka ndalama, akudikira lipoti. Koma luso ndi mwana wosalira. Nyimbo imene simunapeke sidzagogoda pakhomo panu. Chithunzi chimene simunajambule sichidzakulemberani kalata ya chenjezo. Ndiye kholo lotanganidwa limayamba ndi wolira. Wosalirayo amagona ndi njala.

Aphunzitsi amene mukundimvera, mukudziwa mmene zimayendera. Kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Masikimu akufunika Lolemba. Mulu wa makope oti muchonge, mukuchonga ndi tochi ya foni chifukwa magetsi azima. Loweruka kuli maliro. Loweruka linalo kuli chinkhoswe, ndipo inu ndinu ankhoswe. Gitala ili pa msomali. Tsiku lina nsambo imodzi iduka. Mukuti ndigula mwezi ukatha. Mwezi utha, ndalama ipita ku feteleza. Kenaka akukwezani, mwakhala mkulu wa dipatimenti, misonkhano yachuluka. Anthu akukuyamikirani. Inu mukuti ndidzabwerera ku nyimbo ndikadzapuma pa ntchito. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Palibe tsiku limene munthu amanena kuti lero ndasiya luso. Amangozindikira kuti ana a m'kalasi mwake sadziwa n'komwe kuti aphunzitsi awo ankaimba.

Ndipo musayese kuti chatayika ndi luso lokha. Kuphunzitsa nako kumazilala. Mphunzitsi amene analeka kupanga amaphunzitsa za m'kope lake lakale, lija masamba ake anasanduka achikasu. Amaiwala mantha a pepala lopanda kanthu. Amaiwala mmene zimawawira kuimba pamaso pa anthu mawu n'kukuthawa. Ndiye amakhala wankhanza pochonga, chifukwa iye salakwitsanso. Salakwitsa poti sayesa. Ana amazindikira zimenezi msanga kuposa mmene timaganizira.

Manja asaleke kupanga.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Kuwerenga kwambiri kumatha kumanga manja. Munthu wawerenga mabuku a akatswiri onse. Akudziwa zolakwika zonse zimene ndakatulo ingakhale nazo. Ndiye akakhala pansi kuti alembe, asanamalize mzere woyamba, pulofesa wa m'mutu mwake wayamba kale kuchonga ndi cholembera chofiira. Afufuta. Ayambanso. Afufutanso. Mapeto ake salemba kanthu. Ena amalemba ndithu, koma zimene amalemba amamva ndi anzawo a digiri okhaokha. Sewero loti mukalionetsa ku Ndirande kapena ku Mchesi anthu angoyang'anizana. Ine pamenepa sindibisa maganizo anga. Sikuti luso lililonse liyenera kukhala lophweka ayi. Koma ngati amayi anu amene anakuphunzitsani nthano sangatolepo kanthu ngakhale kamodzi pa ntchito yanu yochokera ku nthano zawo zomwezo, dzifunseni kuti mukupangira yani.

Vuto lachitatu si la waluso. Ndi la mabwana ake. M'mayunivesite ambiri, pokweza munthu pa ntchito amawerenga mapepala a kafukufuku amene wasindikiza. Sewero saliwerenga mokwanira. Chimbale cha nyimbo sachiwerenga mokwanira. Ndiye taganizirani. Mphunzitsi wina watha chaka chathunthu akufufuza, akulemba sewero, akuphunzitsa osewera, mpaka sewerolo laonetsedwa, holo yadzaza. Mnzake wa ofesi yoyandikana anakhala kumbuyo tsiku limodzi, n'kulemba pepala lofotokoza sewero lomwelo. Wokwezedwa ndani? Wa pepala uja. Kodi chaka chamawa mwini sewero adzalembanso sewero? Adzalemba pepala. Ndipo sitingamunene.

Zimenezi zikhoza kusintha. Ku South Africa boma linakhazikitsa ndondomeko mu 2017 yoti ntchito zaluso za aphunzitsi a m'mayunivesite, monga nyimbo, mafilimu, zisudzo ndi zojambula, ziziunikidwa ndi akatswiri anzawo n'kuwerengedwa ngati zipatso za kafukufuku. Ku Britain munthu amatha kutenga udokotala popereka ntchito yaluso pamodzi ndi zolemba zoifotokoza. Si zinthu zakumwamba. Ndi nkhani yongogwirizana pa muyeso.

Komatu aluso nanunso musabisale kumbuyo kwa mawu aja akuti ntchito yanga imadzilankhulira yokha. Ngati mukufuna iwerengedwe ngati kafukufuku, onetsani. Munali ndi funso lanji? Munafunsa yani? Munayesa chiyani chimene chinakanika? Mwapeza chiyani chimene sitinkachidziwa? Sungani zolemba. Jambulani zoyeserera. Mawa wina adzayambire pamene inu mwalekezera.

Tisanafike kumapeto, pali mayesero awiri amene ndiyenera kuwatchula. Ndi a ulemu.

Loyamba ndi nyimbo ya agogo. Mwapita kumudzi ngati wofufuza. Agogo akuimbirani nyimbo ya pamtondo. Mwajambula. Mwabwerera m'tauni, mwavala chipewa cha woimba, mwaika gitala ndi kiyibodi, nyimbo yatchuka. Pa chimbale palembedwa dzina lanu lokha. Agogo aja aimva pa wailesi ya mnansi. Kodi pamenepo mwafufuza kapena mwaba? Tchulani kumene mwatenga. Pemphani chilolezo. Pakabwera kangachepe, kumbukirani mwini wake. Ndipo zimene mwajambula, kasiyeni zina kumudziko. Palinso zinthu zimene eni ake sanakupatseni kuti muulutse. Za kudambwe zili ndi malire ake. Za kutsimba zili ndi malire ake. Digiri si chiphaso cholumphira malire amenewo.

Lachiwiri ndi ana a m'kalasi. Mphunzitsi waluso ali ndi oimba aulere, osewera aulere, onyamula zida aulere. Mwana sangakane, chifukwa amene akumutumayo ndi yemwe adzachonge mayeso ake. Ngati ophunzira agwira nawo ntchito yanu, maina awo aoneke. Ngati mwana wabwera ndi ganizo labwino kuposa lanu, ndi lake. Ndipo musaumbe ana onse kuti aziimba ngati inu. Kalasi yonse ikamajambula ngati aphunzitsi, pamenepo pali vuto.

Nanga tsono munthu achite bwanji? Sindikupatsani mndandanda. Ndinena ziwiri zokha.

Choyamba, ntchito zitatuzi zikhale pa nkhani imodzi. Ngati mtima wanu uli pa mganda, fufuzani mganda, pekani kuchokera ku mganda, ndipo mpata ukapezeka phunzitsani mganda. Ulendo umodzi wa ku Nkhotakota ukupatsani nyimbo, pepala ndi phunziro. Koma mukamafufuza izi, kuphunzitsa izo, n'kumaimba zinanso, mudzakhala pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, amene anagwa chagada.

Chachiwiri, luso lipatseni nthawi yake yoikika, monga kalasi ilili ndi nthawi yake. Kaya ndi m'bandakucha ana asanadzuke. Kaya ndi Loweruka m'mawa. Akunyumba adziwe. Anzanu a kuntchito adziwe. Ndipo maudindo ena phunzirani kuwakana. Si mpando uliwonse umene muyenera kukhalapo.

Musafulumire kuona zipatso. El Anatsui, wosema wa ku Ghana, anaphunzitsa pa yunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria kuyambira 1975 mpaka 2011. Zaka zonsezo ankaphunzitsa uku akupanga. Anayesa dothi, anayesa mitengo, kenaka anayamba kulumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya, n'kupanga zinthu zazikulu zonyezimira zokuta khoma lonse. Dziko lonse linadzamudziwa tsitsi litayera kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinenenso ichi, kuti wina asandimve molakwa. Si waluso aliyense ayenera kuphunzitsa m'kalasi. Woimba uja Allan Namoko sanafunike choko kuti akhale Allan Namoko. Pali oimba abwino amene alibe mtima wodekha ndi ana, ndipo oterowo akalowa m'kalasi amangozunza ana ndi kudzizunza okha. Palinso aphunzitsi abwino a zaluso amene sadzatchuka pa siteji, koma kunyumba amajambulabe, kutchalitchi amaimbabe. Amenewo ali bwino. Sitikunena za kutchuka. Tikunena za manja amene sanaleke.

Mawu anga omaliza apite kwa inu akuluakulu a sukulu, a makomiti a makolo, ndi a makoleji. M'sukulu zathu za pulayimale muli phunziro la zaluso. Nthawi zambiri limaphunzitsidwa pa bolodi, ng'oma yojambula ndi choko, ana n'kumakopera m'makope. Chonsecho kuseri kwa mpanda wa sukulu yomweyo kuli wosema ng'oma weniweni. Kuli mayi woumba. Kuli woluka malichero, kuli woimba bangwe. Ndipo pakati pa aphunzitsi anu pali wina amene amapeka nyimbo, wina amene amalemba masewero. Wa pasukuluyo mupatseni mpata, musamuunjikire ntchito zonse chifukwa choti sadandaula. Wa kumudziyo muitaneni teremu ikubwerayi, abwere ndi zida zake, aphunzitse ana ndi manja. Ndipo akamaliza musangomuthokoza ndi pakamwa. Mumulipire.